Timibulu ta Phula ta Amake Sekanawo

Zimene ndilembe panozi zinachitika m'zaka zimene mafoni anali atangoyamba kulowa m'zikwama za amayi a kumudzi. M'mudzi wina wa m'mphepete mwa dambo la mpunga munali mayi dzina lake Felesiya, koma anthu ankamuitana kuti amake Sekanawo, potengera dzina la mwana wake wamkazi wa zaka khumi ndi chimodzi. Ana ake awiri oyamba anamwalira ali makanda. Chifukwa cha ichi Felesiya ankaopa chilichonse chimene chikanakhudza mwana wotsalayo: chifuwa, njinga yothamanga, ngakhale mphepo ya mwera.

Chaka chimenecho Sekanawo anayamba kukodza magazi. Felesiya, amene anali munthu wopemphera kwambiri, anapita naye kutchalitchi kuti akamupempherere, ndipo anaika lamulo lakuti Lachinayi lililonse awiriwo azisala kudya kufikira masana. Koma tsiku lina mwanayo anabwera kuchokera kusukulu ndi nkhani ina.

"Amayi, aphunzitsi a Makwinja akuti matenda angawa ndi likodzo. Akuti m'madzi a kudambo muli nkhono, ndipo m'nkhonomo mumatuluka tizilombo tosaoneka ndi maso."

"Tosaoneka ndi maso? Nanga iwowo anationa ndi chiyani?"

"Anationetsa chithunzi m'buku. Akuti si ziwanda ayi."

"Tseka pakamwa! Ziwanda ukuzidziwa iwe?"

Mtima wa Felesiya sunakhazikike. Iye ankaganiza kuti mphunzitsi amene lero akuti kulibe ziwanda, mawa adzanena kuti kulibe Mulungu. Anayamba kuona ngati sukulu ikumulanda mwana pang'onopang'ono.

Lachinayi lina, Felesiya ali kudambo, a zaumoyo anafika kusukulu napereka mapiritsi a likodzo kwa ana onse. Pamene iye ankabwerera masana, anapeza Sekanawo atagona pakhonde, akudandaula chizungulire ndi mseru. Asanamvetse bwino zimene mwanayo ankafotokoza, foni yake inalira. Unali uthenga wa mawu umene mlamu wake wa ku Joni anatumiza pagulu la amayi a kwaya.

Wolankhulayo anali mwamuna wa mawu okuluwika. Anadzitcha mtumiki wa Mulungu, koma sanatchule dzina lake, mpingo wake kapena kumene anali. Iye anati m'mapiritsi operekedwa m'sukulu muli chizindikiro cha chilombo, ndipo mwana amene wameza amayamba ndi chizungulire. Anati dzuwa likangolowa chizindikirocho chimalowa m'magazi, ndipo mwanayo sakhalanso wa makolo ake kapena wa Mulungu. Mankhwala ake, iye anati, ndi kusungunula kandulo woyera, kuumba timibulu ta phula, ndi kumumezetsa mwana osatafuna, kuti phulalo likakole chizindikirocho. Pomaliza anatsitsa mawu nati, "Musafunse mphunzitsi. Musafunse wa zaumoyo. Ngakhale akulu a mpingo musawafunse, pakuti ambiri anagulidwa kale."

Felesiya anamvetsera uthengawo katatu. Chizungulire chimene munthuyo ananena chinali pomwepo pakhonde pake. Anayang'ana dzuwa, naona kuti layamba kupendeka.

Anamanga chitenje n'kuthamangira kuokala kukagula makandulo. Njira yake inadutsa panyumba ya aphunzitsi a Makwinja, amene anali pakhonde akuchonga makope.

"Mwaswera bwanji, amake Sekanawo? Mwana wafika bwino?"

Funso linafika pakamwa pa Felesiya, koma anakumbukira mawu aja akuti musafunse. Anangoyankha kuti, "Taswera," osaima. Patsogolo pang'ono anadutsanso a Likhutcha, mkulu wa mpingo wawo, amene anali kumata chubu cha njinga pansi pa mtengo wa mango. Anafuna kuima, koma anadzifunsa mumtima: nanga ngati nawonso anagulidwa? Anazolika nkhope napitirira.

Atafika kunyumba anasungunula makandulo awiri m'kachitini pambaula. Phula litayamba kuzizira, anaumba timibulu tokula ngati nzama natiika m'mbale.

"Dzuka, mwanawe, umeze izi."

Sekanawo anasuzumira m'mbalemo, kenaka anayang'ana mayi wake. "Amayi, kandulo amadya?"

"Usandifunse zambiri. Dzuwa likupita."

"Ndikuopa, amayi. Bwanji tikafunse kaye aphunzitsi?"

"Omwe akupatsa mapiritsi aja omwewo? Taona, ndiyamba ndine."

Felesiya anatola kambulu nameza. Kanamukanda kukhosi mpaka misozi inalengeza, koma anamezanso kachiwiri, kachitatu, kufikira tisanu, kuti mwanayo alimbe mtima. Sekanawo ataona zimenezo anatseka maso nameza kamodzi. Kanadutsa. Anatola kena, kamene kanali kokulirapo, naponya m'kamwa.

Kameneko sikanadutse.

Mwanayo sanatsokomole ndipo sanalire. Anangogwira khosi lake ndi manja onse awiri, maso atatong'oka, pakamwa pali yasa koma mpweya osalowa. Felesiya anamugwedeza, anamuitana dzina, anayesa kulowetsa chala m'kamwa, koma sizinathandize. Milomo ya Sekanawo inayamba kutuwa. Pamenepo mayiyo anakumbukira timanda tiwiri tating'ono ta ana ake oyamba, ndipo anakuwa mfuu imene inamveka mpaka kumsewu.

"Mayo ine! Mwana wanga akufa! Thandizeni!"

A Likhutcha anataya chubu nathamanga. Sanafunse kanthu. Anamuweramitsa mwanayo padzanja lawo lamanzere, ndipo ndi chikhatho chamanja anamumenya mwamphamvu pakati pa mapewa. Kamodzi, palibe. Kachiwiri, palibe. Kachitatu, miyendo ya Sekanawo inayamba kulefuka. Atamenya kachinayi, kambulu koyera kanatumphuka n'kugubuduka m'fumbi. Mwanayo anakoka mpweya ndi phokoso lalikulu, kenaka analira. Felesiya anagwa pansi namukumbatira.

Anthu anali atasonkhana, ndipo aphunzitsi a Makwinja nawonso anafika. A Likhutcha anatola kambulu kaja, nakanunkhiza.

"Amake Sekanawo, kodi ndiwo zasowa mpaka mwayamba kuphika makandulo?"

Palibe amene anaseka. Felesiya anawapatsira foni ali chogwada, ndipo onse anamvetsera uthengawo mpaka kumapeto. Aphunzitsi anatulutsa foni yawo, anafufuza pang'ono, natsegula uthenga wina umene anausunga chaka chapitacho. Mawu anali a munthu yemweyo, kuopseza kwake komweko, koma pamenepo ankanena za katemera wa ana a m'dziko lina.

"Ana amene analandira katemerayo alipo mpaka lero," anatero aphunzitsi. "Sekanawo, tinanena dzulo kuti aliyense abwere atadya. Iwe unadya?"

"Ayi, aphunzitsi. Lero timasala."

"Chizungulire chachokera pamenepo. Mapiritsi amenewa amavuta m'mimba mopanda kanthu. Mupatseni phala, mayi, pofika madzulo akhala bwino."

Felesiya anayang'ana a Likhutcha mwamanyazi. "Ndimaopa kuti sukulu ikumuchotsa kwa Mulungu. Ndiponso munthuyo anati ngakhale inu tisakufunseni."

"Zidzukulu zanga zitatu zameza mapiritsi omwewo m'mawa uno," anayankha mkuluyo. "Ndinapita ndekha kukafunsa a zaumoyo, ndipo Lamulungu mundipeza ndikulalikira monga mwa masiku onse. Nkhono anailenga ndani, amake Sekanawo? Nanga nzeru yodziwira zimene zili m'kati mwake anaipereka ndani? Munthu wakukanizani kudziwa dzina lake, wakukanizaninso kufunsa anzanu, inu n'kumupatsa khosi la mwana wanu?"

Dzuwa linalowa tsiku limenelo, ndipo Sekanawo anali yemweyo, akumwa phala ndi kupemphera monga kale. Patapita masabata ochepa magazi aja analeka. Koma Felesiya anagona masiku awiri m'mimba mukupota chifukwa cha timibulu tisanu tija, ndipo amayi a kwaya amene ankabwera kudzamuzonda anamupatsa dzina latsopano lakuti Safunsa. Iye sanakwiye nalo. Ankati kuli bwino kunyamula dzina la chipongwe kusiyana ndi kukumba manda achitatu.

Pali mwambi umene ena amati ndi wakale kuposa mafoni, ndipo sinditsutsana nawo, koma anthu a m'mudzi umenewo amati unayambira pakhonde la mayi ameneyu: Safunsa anadya phula.

Tanthauzo lake ndi lakuti munthu amene amva chinthu n'kuchichita asanafunse kwa odziwa, amadzipweteka ndi manja ake omwe, ndipo nthawi zina amapweteka amene akufuna kuwateteza. Kufunsa si kupanda chikhulupiriro, ndiponso si umbuli. Felesiya anadutsa anthu awiri amene akanamuyankha m'mphindi imodzi, koma anakhulupirira mawu a munthu wopanda dzina. Choncho uthenga ukafika pafoni panu wokuthamangitsani ndi mantha, funsani kuti waunena ndani, funsani kumene wachokera. Ndipo ukakuuzani kuti musafunse aliyense, dziwani kuti m'mbalemo muli phula.