Dontho Lobiriwira pa Kamisolo

Mayi wosoka wa pakona ankadziwa muyeso wa chiuno cha mkazi aliyense mumsewu wawo, koma za thupi lake sankauza munthu. M'mawa wina akuvala, anaona dontho lobiriwira pa kamisolo. Linkachokera kunsonga ya bere lakumanzere, yomwenso inali itayamba kulowa mkati. "Basi, ndi khansa," anadziweruza yekha.

Anasoka kansanza kofewa n'kumaika mkati mwa kamisolo, nkhani n'kuikwirira. Miyezi itatu inadutsa. Chakudya chinasiya kulowa, msoko unayamba kukhota ngati njira ya woledzera, ndipo fodya amene ankasuta mobisa kuseri kwa shopu anamuwonjezera. Tsiku lina bere litatupa n'kufiira, anaitana mng'ono wake wogulitsa nsalu pafupi pomwepo, n'kumuuza kuti makina osokerawo adzatenge iyeyo.

"Mukupita kuti, achemwali, kuti muzigawa katundu mukupuma?" anafunsa mng'onoyo. Atamva zonse sanataye nthawi ndi misozi. Anatseka shopu, n'kumugwira dzanja mpaka kuchipatala.

Dokotala anamuyeza, anamujambula, kenako anakoka mpando.

"Mayi, khansa palibe. Tinjira todutsa mkaka tatanuka, ndiye tadzaza madzi okhuthala. Zimagwera amayi ambiri akamayandikira kusiya kusamba, poti thupi limasintha ndi zaka. Fodya nayenso amathirirapo moto. Mumasuta?"

"Aa, kamodzikamodzi."

"Kamodzi pa ola," analowerera mng'ono uja. "Mumayesa utsi sudumpha khoma?"

Dokotala anamwetulira, nalemba mankhwala ophera tizilombo tomwe tinalowa m'tinjiramo. Anamuuza kuti azithowa berelo ndi kansalu kofunda, fodya amutsanzike, ndipo abwerenso pakatha milungu iwiri. "Mwachita bwino kubwera, chifukwa zizindikirozi sitiziweruza ndi maso. Koma mukanabwera tsiku loyamba lija, kutupaku sikukanafika apa."

Atatuluka, mayi wosoka anakhala pa benchi ya pakhonde. Anayamba kuseka, kuseka kuja n'kusanduka kulira, mpaka odwala ena kucheuka.

"Mng'ono wanga, miyezi itatu ndakhala ndikulira maliro anga omwe, mwini wake ndili moyo!"

"Chikhalirecho nkhani yake ya m'mawa umodzi," anayankha mng'onoyo, akumupukuta kumaso ndi mpango.

Akulu sananame: safunsa anadya phula.