Magazi Amene Edwell Anakana Kupimitsa

Pa 9 Meyi 1994, madokotala a pachipatala chachikulu cha mu Lusaka anapeza kuti Tiwo, mwana wa zaka ziwiri wa Edwell ndi mkazi wake Lombe, ali ndi matenda a sikoselo. Mwanayo ankalira osatonthola, manja ndi mapazi zitatupa, maso atachita chikasu.

Edwell ankawotcherera mafelemu a zitseko ndi mageti m'mphepete mwa msewu ku Kalingalinga, komboni ya mu Lusaka momwemo. Ntchitoyi anaiyamba kampani ya boma imene ankagwirako itatsekedwa. Bambo ake anali Mchewa wa ku Kasungu amene anabwera kudzagwira ntchito ku migodi, osabwereranso kwawo. Lombe anali Mbemba wokulira ku Matero.

Namwino wachikulire, a Musonda, anawakhazika pansi awiriwo nawafotokozera mosathamanga.

"Tumaselo twa magazi ya mwana uyu tumapindika monga chikwakwa, ndiye tumatseka misempha. Uko ndiye kuwawa kwamene muona. Si mfiti, si vakudya. Munthu aliyense ali na mbeu ziwili za magazi, imozi yochoka kuli atate, imozi kuli amai. Ngati yoipa ni imozi, munthu sadwala, anyamula che. Uyu analandila ziwili. Manje nifuna nikupimeni nonse."

Lombe anatambasula mkono. Edwell anapinda wake pachifuwa.

"Ine, ba sisita, geti nimanyamula neka. Sininagonepo mu chipatala. Pimani wamene anamubala."

Zotsatira zinaonetsa kuti Lombe ali nayo mbewu imodzi ya matendawo. A Musonda anabwereza kuti imodzi siyidwalitsa mwana, yachiwiri inachokera kwina. Koma khutu limamva zimene mtima wakonzera malo. Kwa Achewa ndi kwa Abemba mwana ndi wa kuchikazi, amatsata mtundu wa amake, ndipo mwamuna amamuyesa tambala wongolira pakhomo. Edwell anatenga lamulo la mbumba nalisandutsa lamulo la magazi: ngati mwana ndi wawo, nthendanso ndi yawo.

"Bashi Tiwo," anatero Lombe tsiku lina, kumutchula m'Chibemba kuti bambo a Tiwo, akumuthira madzi osamba m'manja, "ni kansingano che. Imwe bamene mumasungunula nsimbi muziopa kansingano?"

"Sinipimisa vinthu vamene niziwa kale. Kwathu kulibe matenda yaso."

Mu Ogasiti chaka chomwecho anamubweza Lombe ku Matero pamodzi ndi mwanayo. A Kapambwe, atsibweni a Lombe, anabwera kawiri kudzakambirana. Ulendo wachiwiri Edwell sanazimitse n'komwe makina ake owotcherera, ndipo mkuluyo anachoka akupukuta misozi yobwera ndi kuwala kwa moto.

Mu 1996 Edwell anakwatira Thandi wa ku Mtendere, amene makolo ake anachokeranso ku Malawi. Ankauza anzake pamsewu kuti ulendo uno watenga wakwawo, magazi odziwika. Dumi anabadwa mu Julayi 1997, wonenepa bwino, ndipo kwa miyezi isanu ndi iwiri bambo ake ankayenda mutu uli m'mwamba. Sankadziwa kuti nthendayi imabisala pa miyezi yoyamba, pamene khanda likadali ndi magazi amene linabadwa nawo. Mu Marichi 1998 manja a Dumi anatupa.

Magdalene, mlongo wake wamkulu wa Edwell, anasiya salaula wake, zovala za kaunjika zimene ankagulitsa pamsika, nathamangira kuchipatala. Anagwira kadzanja ka mwanayo, nakayang'ana nthawi yaitali, kenako anamukokera Edwell panja.

"Iwe sunawaone. Ukalibe kubadwa, amai anaika ana awili ku Kabwe, Blackson na Dingani. Manja yenze yotupa so, maso yachikasu. Anthu anakamba ati ni nyamakazi, ena ati analozewa."

"Nanga bwanji simunaniuze, achemwali?"

"Unafunsa? Pamene unapitikisa Lombe ninabwela, ninati nkhala pansi tikambe. Unati va malilo vakale sivikukhuza, uli na geti ya kasitoma."

Edwell anapimitsa mawa lake. Anapezeka nayo mbewu imodzi, Thandi nayenso chimodzimodzi. M'dziko muno anthu onyamula mbewuyi ndi ambiri, Abemba, Achewa ndi mitundu ina, ndipo ambiri a iwo ndi amphamvu zawo, sadziwa kanthu. Awiri otere akakwatirana, pa mimba iliyonse pamakhala mwayi umodzi mwa inayi woti mwana alandira mbewu zonse ziwiri. Tiwo anagwera pamenepo, Dumi anagweranso pomwepo, ndipo theka la nthenda ya aliyense linachokera m'thupi limene linkanyamula geti lokha.

Mu Juni anakwera minibasi kupita ku Matero. Anapeza Lombe akuchapa pakhomo la mwamuna wina, khanda lathanzi lili kumbuyo. Tiwo, wa zaka zisanu ndi chimodzi, wochepa thupi koma wa maso akuthwa, anamupatsa mpando.

"Nkhalani, ba ankolo."

Edwell anakhala. Mawu amene anakonza m'njira anatuluka opanda mutu, koma Lombe anamva kuti wapimitsa ndipo mbewu ija nayenso ali nayo. Sanakweze mawu, sanalekenso kuchapa.

"Iyo nkhani ninaimvela mu 94, bashi Tiwo. Mwachedwa nayo. Uyu ninalila naye neka, na magazi yamene anamuika chaka chatha anapeleka ni bamuna banga, bamene mwapeza nyumba yawo."

"Nifuna che Tiwo aniziwe."

"Azakuziwani akakula, ngati afuna. Koma uzani mkazi wanu: mwana azimwa manzi maningi, asamvele mphepo, azigona mu neti, na tumapilisi twa ku kiliniki asalumphe. Akatentha thupi, thamangani, osayembekeza kuti kuche. Vinangu abwele anifunse yeka, sinili naye mulandu."

Anabwerera ku Kalingalinga atapatsidwa malangizo m'malo mwa mwana. Dontho limodzi la magazi mu Meyi 1994 silikanachiritsa Tiwo, koma likanamusiyira bambo, likanasunga banja, ndipo Edwell akanadziwa choyenera kufunsa asanapange chisankho china chilichonse. Iye anasankha kudalira mphamvu za m'manja mwake ndi mwambo umene sunanenepo kanthu za magazi. Akuluakulu ananena kale kuti safunsa adadya phula.

Pamene zotsatira zawo zinkatuluka, Thandi anali kale ndi pakati pena. Mwanayo akuyembekezeka mu Novembala, ndipo mbewu zimene walandira palibe amene akuzidziwa.