Desiki Lofiira ndi Chitsa cha Bulugamu

Abale anga, pamalo ena ochitira malonda kuseri kwa phiri panali mmisiri wina wa matabwa. Luso anali nalo, pamenepo tisamunamizire. Akakhoma mpando, mpandowo unkakalamba pamodzi ndi mwini wake. Koma munthuyu anali ndi kachilema kamodzi: ankachita manyazi ndi mtengo umene unkamudyetsa.

M'dera limenelo mmisiri wolemekezeka anali wa mbawa ndi mlombwa. Bulugamu ankamuyesa mtengo womangira makola a mbuzi ndi kuyala pa zimbudzi. Tsono mbawa zinali zitatha kalekale ndi macheka, zotsala zinali zowerengeka m'mbali mwa mtsinje, ndipo mmisiri wathuyu analibe mtima wokaba mitengo ya kumeneko. Chimene anali nacho chochuluka ndi bulugamu yemweyo. Mkazi wake, aNachisale, ndiwo anamubzala pa kamtunda ka miyala kamene makolo awo anawagawira, poti chimanga chinakanapo.

Ndiye mmisiri uja anapeza nzeru. Anagula mankhwala ena ofiiritsa matabwa. Akacheka bulugamu, n'kumuumitsa bwinobwino pamthunzi, ankamupala, n'kutseka chitseko cha shedi, n'kuyamba kupaka. Pamwamba pake vanishi. Thabwa linkatuluka lili psuu, lonyezimira moti munthu n'kupeserapo tsitsi. Wogula akafika n'kunena kuti, “Eee, koma mbawa imeneyi!” mmisiri sankati inde, sankatinso ayi. Ankangotsokomola. Chifuwa chimenechi chinali chodabwitsa, abale anga, chifukwa chinkamugwira pokhapokha wina akatchula mbawa. Pakamwa pake sipanatulukepo bodza. Bodza linkatulukira ku bulashi.

ANachisale zimenezi sizinkawasangalatsa.

“A Kwenda,” ankatero pomuitana ndi mfunda wake, “mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Mtengo ukutidyetsawu mukuubisiranji?”

“Za ku shedi zisiyeni, aNachisale. Anthu amagula ndi maso.”

Zaka zinapita, zinthu n'kusintha. Pamsika panadzaza mipando ya pulasitiki, yopepuka, yotchipa, yoti ukagula lero mawa yathyoka mwendo, koma anthu anaithamangira. Shedi ya mmisiri inayamba kuzizira. Akangaude anamanga nyumba pa sowo. Mumtima mwake anali atagamula kale kuti mvula ikagwa asanapeze ntchito yooneka, agulitsa zida zonse n'kupita kukagwira ntchito ku esiteti ya fodya, kutali, kusiya aNachisale okha pakhomo. Akaganiza zimenezi mtima unkamuwawa, pakuti zida zija anazizolowera ngati zala zake, ndipo mkazi wake ankamukonda ngakhale anali wosabisa mawu.

Ili m'kati nkhawa imeneyi, kunamveka uthenga wokoma. Boma linkafuna madesiki a sukulu yatsopano ya m'deralo, ndipo linati ntchitoyo ipite kwa mmisiri wa komweko. Aliyense wofuna apange desiki limodzi lachitsanzo, abwere nalo pabwalo la sukulu, kudzafika wogula katundu wa boma kudzaona.

ANachisale anamva zambiri pa wailesi akusenda chinangwa, ndipo anathamangira ku shedi.

“Akuti boma lasintha kagulidwe. Silikungoona kukongola ndi kutchipa ayi, likufunsanso kumene mtengo wachokera. Akufuna mitengo yobzala. Ulendo uno musapake.”

Mmisiri anaseka. “Zimenezo ndi zonena pa wailesi. Munamuonapo bwana atakhalira bulugamu?”

Anamva, koma sanakhulupirire. Si zachilendo zimenezi, ngakhale muno m'tchalitchi zimachitika Lamulungu lililonse. Anasankha matabwa ake abwino koposa, nakhoma desiki loti ngakhale ana atavinapo silingagwedere. Atatha anatseka chitseko, natenga bulashi. Ulendo umenewu anapaka mowirikiza, kuti mbawa yake ikhale mbawa kuposa mbawa yeniyeni.

Tsiku litafika anakweza desiki pa njinga, aNachisale akutsatira pambuyo ndi dengu lawo pamutu. Pabwalo la sukulu panali anthu ambiri. Kutsogolo kunakhala a Chatsika, wapampando wa komiti ya sukulu, bambo wa mawu aakulu amene anagulapo tebulo kwa mmisiri wathuyu ndipo ankalinyadira kuposa ng'ombe zake. Wogula katundu wa boma uja anali mayi, wamfupi, wovala nsapato zafulati ngati munthu wokonzekera kuyenda mtunda.

Mayiyo anayamba ndi desiki la mmisiri wina. Linali la mlombwa, lokongola ndithu. Analisisita, nafunsa funso limodzi lokha.

“Bambo, mungandionetse chitsa chake?”

Mwini desiki anakanda pamutu. Anati thabwalo anagula kwa munthu wina, amene anagula kwa munthu winanso, amene dzina lake laiwalika. Aliyense pabwalopo ankadziwa kuti mlombwa wotero umatsika m'nkhalango yotetezedwa ya m'phiri, koma onse anayang'ana kumwamba ngati kukudutsa ndege. Mayi uja anathokoza mwaulemu n'kupitirira.

Apa mmisiri wathu anazindikira kuti funso lomwelo likubwera kwa iye. Asanaganize chochita, mayi anali ataima pa desiki lake. Analigwedeza, osagwedera. Anakhalapo, nasuzumira kunsi kuona malumikizidwe, nagwedeza mutu mokhutira. Pamenepo a Chatsika anadzuka kuti athandize mnzawo.

“Mayi, musavutike n'kufunsa. Iyi ndi mbawa yeniyeni! Mmisiri ameneyu sagwira mitengo wamba. Kwathu kuli tebulo lake, alendo akalowa amayamba apereka moni kwa tebulo, kenako kwa ine.”

Anthu anaseka. Mmisiri, mwa chizolowezi, anatsokomola.

Mayi uja nkhope inagwa. “Pepani bambo, desikili ndalikonda kwambiri. Koma mbawa zotsala kuno ndi za m'mbali mwa mtsinje zokha. Boma silingagulire ana pokhala, n'kuwaumitsira madzi akumwa.”

Anatero n'kutembenuka kuti azipita pa desiki lotsatira.

Abale anga, mmisiri uja anagwira njakata. Akakhala chete, ntchito yapita, zida zigulitsidwa, ulendo wa ku esiteti wapsa, koma dzina lake la mmisiri wa mbawa likhala. Akayankhula, ntchito mwina ipezeka, koma pabwalo pomwepo panali anthu ambiri amene m'nyumba mwawo munali mipando yofiira, ndipo a Chatsika anali chiimire, chifuwa chili patsogolo. Anayesa kutsokomolanso, koma tsiku limenelo chifuwa sichinathandize. Anafuna ntchito, anafunanso ulemu wabodza, ndipo akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa.

Pamenepo aNachisale anatula dengu lawo. Anavundukula kansalu, natulutsa puleni yopalira matabwa, nagwada pang'ono monga mwa ulemu wa pagulu, n'kuipereka kwa mwamuna wawo ndi manja awiri.

“Munaiwala ichi kunyumba, a Kwenda.”

Mmisiri anayang'ana puleni, nayang'ana a Chatsika, nayang'ana msana wa mayi uja ukupita. Kenaka anaitana.

“Mayi, tadikirani pang'ono.”

Anaika puleni pakati penipeni pa desiki, pamene vanishi ankawala koposa, nakankha kamodzi kuchokera uku mpaka uko. Khungu lofiira linapindika n'kugwa pansi. Pa desiki panatsala mzere wotuwa, wa thabwa wamba lodziwika kwa aliyense amene anamangapo khola.

“Ndi bulugamu, mayi. Anabzala ndi akazi angawa. Kufiiraku ndi mankhwala.”

A Chatsika anayandikira, nawerama, nakanda mzere uja ndi chikhadabo. Anadzuka pang'onopang'ono.

“Nanga tebulo langa lija?”

“Ndi mkulu wake wa desikili, bambo. Mayi wawo ndi mmodzi.”

Amene anayamba kuseka sakudziwika, koma phwete linafalikira bwalo lonse mpaka amayi ena anakhala pansi atagwira nthiti. Mmisiri anangozyolika, makutu akutentha ndi manyazi. Koma chodabwitsa n'chakuti m'chifuwa mwake munapepuka ngati munthu amene watula thumba la chimanga atayenda nalo mtunda wautali.

Mayi uja naye anaseka mpaka kupukuta misozi. Atatha anabwereza funso lake lija.

“Chabwino bambo. Mungandionetse chitsa chake?”

Ha, funso lija limene linagwetsa mwini desiki la mlombwa, kwa iye linali ngati kumufunsa njira ya kwawo. Anatsogola, aNachisale pambali pake, mayi wa boma pambuyo, ndi chigulu cha anthu ofuna kuona mathero a nkhani. A Chatsika anabwera kumapeto akung'ung'udza. Anakwera kamtunda ka miyala kaja, kutali ndi mtsinje, kumene bulugamu sakanalanda madzi a munthu. Mitengo inali ndandanda, ina yaikulu, ina yongofika m'chiuno. Mmisiri analoza chitsa chimene anadulapo matabwa a desiki, pambali pake zitsa zakale, ndipo chakale chilichonse chinali chitatulutsa mphukira, zina zitatalika kale kuposa munthu. Panalibe chobisa, panalibe dzina loiwalika.

Mayi anafunsa amene amasamala mitengoyo. Mmisiri, amene kale akanatsokomola, analoza mkazi wake. Mayi anagwira chanza aNachisale, nati akapereka zimene waona kwa anzake ogamula nawo, koma chinthu chimodzi anene pomwepo: ngati ntchito ibwera, madesiki asapakidwe zofiira. Ana aziona mtengo umene akukhalira, adziwe kuti unabzalidwa ndi manja a munthu wa kwawo.

Mvula isanagwe, uthenga unafika kuti ntchito ndi yake. Akangaude anasamuka pa sowo. Ku esiteti kunapita ena.

Koma musaganize kuti zinathera pamenepo. Choonadi chili ndi ntchito yake yotsatira. Mmisiri anayenda khomo ndi khomo kwa onse amene anawatsokomolera, kupepesa. Ena anamukalipira, ndipo anayenera. Ena anati mpando sunawagwetsepo, nkhani ithe. Kwa a Chatsika anapita ndi benchi latsopano la chipepeso, losapaka. Bambowo anakwiya masiku angapo, kenaka anaganiza bwino. Lero mlendo akalowa m'nyumba mwawo amamuuza kuti, “Tebulo ili ndi la bulugamu wobzala. Ine ndinayamba kutsata ndondomeko ya boma, boma lisanaiganize n'komwe.”

Tsono abale anga, fanizoli likunena ife. Tonsefe tili ndi kachitini ka mankhwala ofiira kuseri kwa chitseko. Timapaka tisanabwere kuno. Wina kunyumba kuli nkhondo, koma pakhomo la tchalitchi amafika akumwetulira ngati mkwati. Wina pemphero analisiya kalekale, koma anthu akamati, “Koma bambo awa ndi munthu wa Mulungu,” amangotsokomola. Winanso amachita manyazi ndi kumene anachokera, ndi umphawi wa makolo ake, ndi sukulu imene sanamalize, ndi mphatso yake yaing'ono imene amaiyesa ya makola a mbuzi. Timauzidwa sabata ndi sabata kuti Mulungu amalandira munthu monga alili, koma mumtima timati zimenezo ndi zonena pa guwa, bwana wamkulu chotere sangakhalire bulugamu.

Taonani chimene chinatsala pang'ono kumuphonyetsa mmisiri uja. Sunali mtengo wake ayi. Mtengo wake ndi umene unkafunidwa. Chinali chopaka chija. Ngati boma la pansi pano laphunzira kufunsa chitsa lisanagule desiki, kuli bwanji Iye amene analenga mitengo ndi mitsinje yomwe? Mulungu sagula ndi maso. Amafunsa kumene moyo wako wachokera, ndipo amafuna umutengere komweko, pa kamtunda kako ka miyala, umuonetse pamene unadulidwa ndi pamene ukuphukira. Sachita nazo manyazi zimenezo. Chimene sangalandire ndi mbawa yabodza, pakuti sangadalitse munthu amene kulibe.

Kupala kumawawa, anthu ena adzaseka, ndipo padzakhala makomo oti ukapepese. Koma mmisiri uja anapala kamodzi kokha, napulumutsa zida zake, banja lake ndi tulo take. Chifuwa chija mpaka lero sichinamuyambenso.

Lero Mzimu wa Mulungu watula dengu pafupi ndi iwe, ndipo akukupatsa puleni ndi manja awiri. Usatsokomole, m'bale wanga. Landira, upale.