Firiji ya Mayi Nangozo

Mayi Nangozo, namwino, atawasamutsa kuchoka ku Karonga kupita ku Ntcheu, anachita hayala lole ya a Matewere. Ulendo unayenda bwino mpaka pa Biriwiri, pomwe a Matewere anazimitsa injini n'kupinda manja.

"Mayi, kunoku kwatalika kuposa mmene tinapanganira. Mundisiyire firiji ija. Apo ayi, katundu yense ndikutsitsa pompano."

Kumwamba kunali kutada ndi mvula. Mayi Nangozo anacheukira matiresi awo, anayang'ana nyumba za m'mbali mwa msewu, kenako anayamba kusisima.

"Firiji yokha ayi, bambo. Tsitsani, koma chonde, osati pa nyumba ya chitseko chobiriwira iyo. Mmenemo mumakhala mkazi amene anandilanda mwamuna. Akaona miphika yanga pakhomo pake, ine ndifa ndi manyazi."

A Matewere anamwetulira. Analiza lole n'kuibweza chambuyo mpaka pakhonde pa nyumba yomweyo. Anatsitsa okha mabedi, kabati, ngakhale mtondo, thukuta lili kamukamu, uku akukuwa kuti, "Eni nyumba, tulukani mudzaone mnzanu!"

Palibe amene anatuluka. Firiji itatsika pomaliza, Mayi Nangozo anapukuta misozi, n'kupisa m'chikwama, n'kutulutsa kiyi. Chitseko chija chinatseguka.

A Matewere anangoti kukamwa yasa. "Kodi nyumbayi ndi yanu?"

"Andipatsa kuntchito, poti chipatala chomwe anditumiza chili konkuno ku Biriwiri. Njira yonseyi ndimada nkhawa kuti katunduyu anditsitsira ndani," anatero Mayi Nangozo. "Poti mphamvu muli nazo, bambo, gwirani uko, firijiyi ilowe kukhitchini mvula isanayambe."