Loko wa a Nyirenda

Pamene a Cyrus Nyirenda ankatsika minibasi yochokera ku Mzuzu kudzayamba uhedimasitala pa sekondale ina yoyendera ya pa boma la Nkhata Bay, mbiri ya sukuluyo inali itanunkha kale. Ana ankalowa m'kalasi nthawi imene afuna, ngati akulowa m'golosale. Mafoni ankalira pakati pa phunziro. Anyamata a Fomu 3 anali atazolowera kuyankha aphunzitsi manja ali m'thumba, moti mphunzitsi wina wamkazi anali atapempha kale kuti amusamutse. Palibe akanatsutsa kuti pankafunika munthu wouma mtima pang'ono. A Nyirenda anali wotero, ndipo ankanyadira kutero.

Sabata yoyamba anangoyang'ana. Loweruka anadzitsekera mu ofesi, ndipo Lolemba m'mawa pakhoma panali patamatidwa pepala la malamulo khumi ndi anayi. Lalikulu linali loyamba: geti lizitsekedwa ndi loko ikangokwana 7 koloko, wochedwa abwerere kwawo ndipo asaonekenso popanda kholo, wochedwa katatu akhale kunyumba masabata awiri.

Wachiwiri wawo, Mayi Keziah Longwe, mbadwa ya komweko imene inali itaphunzitsa pasukulupo zaka khumi ndi zisanu, anawerenga pepalalo kawiri, kenako anakagogoda ku ofesi.

"A Hedi, malamulo ambiriwa ndi abwino, makamaka la mafoni. Koma la getili, bwanji tiyambe taitana makolo? Tiwafunsenso anawa chimene chimawachedwetsa. Ena amachokera kupitirira ku Chikale, wapansi."

"Mayi Longwe, wodwala safunsidwa ngati akufuna jakisoni," anatero a Nyirenda osadzutsa mutu. "Ku Mzuzu ndinawongola sukulu yokhota kuposa ino ndi loko mmodzi. Mwana wochedwa ali ndi chifukwa chimodzi basi, ulesi."

"Kuno si ku Mzuzu, a Hedi."

"Nchifukwa chake anditumiza kuno."

Tsiku loyamba kunja kwa geti kunatsala ana makumi asanu ndi limodzi. M'makalasi munali zii. A Nyirenda anayenda pakhonde manja ali kumbuyo, nkhope ili ngwee.

"Mwalimva batali, Mayi Longwe?"

"Ndalimva. Kumanda nakonso kumakhala bata."

Chimene a Nyirenda sankadziwa, poti sanafunse, n'chakuti ambiri mwa anawo ankadzuka tambala woyamba. Mabwato amakocheza mbandakucha, ndipo ana ankasenza mabeseni a usipa kuchokera kudoko kukawatula kumsika kwa amayi awo, kenako n'kuthamanga kukasamba, kuvala yunifolomu ndi kuyamba kukwera chitunda cha kusukulu. Aulesi enieni analipo, inde, koma loko sadziwa kusiyanitsa.

Ndipo ana obwezedwawo sankapita kwawo. Ndi mwana uti angabwerere kunyumba 8 koloko kuti akadzitengere mkwapulo kwa bambo ake? Ankatsikira kumsika. Malaya a sukulu ankalowa m'chikwama, eni ake n'kulowa m'nyumba zoonetsera mafilimu. Ena ankatandala pa tebulo la pulu pafupi ndi depoti, ena kukasambira ku Chikale. Mwana amene kale ankaphonya phunziro limodzi tsopano ankaphonya tsiku lonse, ndipo kumsikako anapeza aphunzitsi ena: oitanira minibasi, ogulitsa kachasu, ndi amuna achikulire amene amadziwa kugulira atsikana tchipisi.

Mayi Longwe anagogodanso ku ofesi sabata yachitatu, n'kugogodanso yachisanu. Ulendo wachinayi a Nyirenda anawauza kuti ngati akufuna uhedi alembe kalata ku likulu.

Tsiku lina masana kunabwera Mayi Getrude Mphande, wogulitsa nsomba kumsika, akutsimphina ndi ndodo. Mwana wawo Thokozile, wa Fomu 4, amene sankatsika pa nambala wani chiyambire Fomu 1, anali atachedwa kachitatu.

"Ada, ndabwera za mwana wanga," anatero mwaulemu wa kwawoko.

"Makolo ndimaonana nawo 8 koloko m'mawa. Zalembedwa pakhomopo."

"Ada, 8 koloko ndiye nthawi imene usipa ukuyenda. Ndikausiya uwola, nanga ana adya chiyani? Komanso mwendo wangawu anandichita opaleshoni mwezi watha, ndiye Thokozile ndi amene..."

"Mayi, aliyense ali ndi nkhani yake. Ndikayamba kumvera nkhani, lamulo lafa. Masabata awiri."

M'masabata awiri amenewo ndi mmene anzake a Thokozile analemba mayeso oyeserera ndi kubwereza maphunziro a sayansi. Iye anali kumsika, akuingitsa ntchentche pa beseni, kope lili pamwendo.

Chithupsa chinaphulika mwezi wachitatu. Lachitatu lina cha m'ma 10 koloko, pa tebulo la pulu panabuka ndewu pakati pa ana a sukulu ndi oitanira minibasi. Miyala inauluka, mabenchi a tomato ndi nsomba zouma anagubuduzika, ndipo mnyamata wina wa Fomu 2 anathamangira naye kuchipatala mutu utang'ambika. Apolisi anatola ana asanu ndi anayi. M'zikwama zawo munali malaya a sukulu, opindidwa bwinobwino.

Lachisanu kunafika a Donald Mhango, woyendera masukulu. Sanayambire ku ofesi. Analowa m'kalasi ya Fomu 3, m'mene munayenera kukhala ana makumi asanu ndi awiri, n'kupeza mipando yambiri ili yokhayokha. Analamula kuti makolo aitanidwe Lamlungu masana anthu akaweruka kutchalitchi, ndipo holo inadzaza mpaka ena kusuzumira pawindo.

A Nyirenda analankhula kwa theka la ola. Anati phokoso linatha, mafoni anatha, mwano unachepa. Zonsezo zinali zoona. Atakhala pansi, Mayi Mphande anaimirira ndi ndodo yawo.

"Ada, ife sitikana chilango. Mwana wanga akachita mwano, mulangeni, ine ndidzawonjezera kunyumba. Koma inu mwatenga ana athu m'manja mwa aphunzitsi n'kukawapereka kudepoti. Kodi mwana wochedwa mphindi khumi mankhwala ake ndi kumumana sukulu tsiku lonse? Ndinabwera ndi mwendo womwewu kudzakufotokozerani, simunandilole n'komwe kumaliza mawu."

Bambo wa mwana wovulala uja anakuwa ali kumbuyo: "Ine ndimadziwa kuti mwana ali m'kalasi, kumeneko ali pa pulu! Sukulu inandiuza liti?"

A Mhango anadikira kuti phokoso litsike, kenako anatembenukira kwa a hedi. "A Nyirenda, musanakhome pepala lija, munakhala pansi ndi ndani? Komiti ya makolo? Aphunzitsi? Mapulifeketi?"

A Nyirenda anayang'ana Mayi Longwe, koma Mayi Longwe anali akuyang'ana kudenga.

Msonkhanowo unatha dzuwa litapendeka, ndipo malamulo amene unabala sanali ofewa ayi. Wochedwa azilowa m'kalasi, koma azilembetsa dzina ndi chifukwa chake, ndipo anzake akaweruka iye azitsala ola limodzi, kusesa kapena kuwerenga pamaso pa mphunzitsi. Wochedwa katatu kholo lake liziimbiridwa foni, ndipo makolo azionana ndi aphunzitsi Lachisanu masana. Amayi a kumsika analonjeza kumasula ana isanakwane hafu sikisi. Komiti ya msika inavomera kuti eni mafilimu ndi pulu asamalandire mwana wa sukulu nthawi ya maphunziro. Lamulo la mafoni analisiya momwe linalili. Zonsezi zikanatheka sabata yoyamba ija, pa mtengo wa masana amodzi okha.

Sukulu inayamba kuwongoka, pang'onopang'ono ngati bala lapamwendo. Koma ana khumi ndi mmodzi sanabwererenso. Ena anali atalowa kale m'mabwato, atsikana awiri anali oyembekezera. Thokozile analemba mayeso ake n'kukhoza, koma osati mmene aphunzitsi ake ankayembekezera, ndipo malo a kusukulu ya unamwino amene ankawalota anapita kwa ena.

Teremu itatha a Nyirenda anasamutsidwa. Tsiku lonyamuka, Mayi Longwe anawaperekeza kudepoti chifukwa cha ulemu chabe. Katundu atakwezedwa, a Nyirenda anapukusa mutu n'kunena motsitsa mawu:

"Komabe Mayi Longwe, inu ndinu a konkuno. Zinthu ngati zimenezi mukanandiuza."

Mayi Longwe anangoti, "Muyende bwino, a Hedi," n'kutembenuka kuyamba kukwera chitunda.

A Nyirenda sanali munthu woipa, ndipo chimene ankafuna chinali chabwino. Anaona chisa cha njuchi, n'kuthamangira kuluma osafunsa eni nkhalango kuti uchi uli mbali iti. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.