Njiri ndi Ulendo wa Kuseri kwa Phiri

Kalekale, nyama zisanaleke kuyankhula, padali Njiri ndi ana ake atatu. Chaka chimenecho chitsime cha kwawo chidaphwa, madzi nkutsala kuseri kwa phiri kokha. Mayi wa anawo adatsogola kukakonza malo, nasiya mawu akuti, "Mundibweretsere onse atatu, pasasowe ndi mmodzi yemwe."

Njiri ankawakonda ana ake, koma miyendo ya mwana sankaidziwa. Iye akaponda kamodzi, mwana wake wotsiriza, Kadzuwa, ankaponda kanayi.

Atangowoloka khwawa, Kadzuwa adafunsa, "Ababa, tafika?"

Njiri adaloza ndi mlomo. "Mpafupi pomwepa."

Adayenda, adayenda. Dzuwa lidafika paliwombo.

"Ababa, tafika?"

"Mpafupi pomwepa, mwanawe."

Adayenda, adayenda. Kachitatu Kadzuwa sadafunse. Adangokhala pansi nati, "Pafupi panupo sipafika. Pitani, ine ndatsala."

Apo Fisi, yemwe ankawalondola chapatali kuyambira m'mawa, adatulukira m'tchire akumwetulira, dovu lili chuchuchu.

"Pepani achimwene, mwanayu watopa," adatero Fisi. "Tsogolani ndi enawo, uyu ndimubereke ine."

Kadzuwa, mwana wosadziwa kanthu, adadzuka. "Amalumewa ndiye abwino!"

Njiri adagwidwa ndi mantha. Akati amenyane ndi Fisi, ana enawo abalalika mu udzu. Akati amukalipire mwanayo, ndiye athawira kwa Fisi komweko. Bambo wamkulu uja adagwada, mphuno yake nkulingana ndi ya mwana wake.

"Kadzuwa, ndakunamiza. Nkutali. Nkutali ndithu. Koma mtengo wa masuku uwo ukuuona?"

"Ndikuuona."

"Tifike pamenepo basi. Utsogole ndiwe. Imika mchira kuti tizikuona mu udzu."

"Ine? Kutsogolera inu?"

"Iwe amene."

Kamchira kaja kadangoti njo! Kadzuwa liwiro, abale ake pambuyo, michira m'mwamba. Njiri adatsalira kumbuyo, nayang'ana Fisi. "Zikomo achimwene, mwanayu ali nayo miyendo yake."

Pa mtengo paja adadya masuku mpaka milomo kumata. Njiri adalozanso. "Thanthwe ilo mukuliona?" Pa thanthwe paja adapumula, nafuula mayina awo, phiri nkumawayankha. Adaseka mpaka kugubuduka. Kenako Kadzuwa adaloza yekha. "Ababa, tsopano pa chulu icho!"

Fisi adatsatira ku masuku, palibe wotsalira. Adatsatira ku thanthwe, palibe wotsalira. Pofika pa chulu, lilime lili panja, adatembenuka nabwerera ndi njala yake.

Dzuwa litapendeka, fungo la madzi lidawapeza. Woyamba kugwera m'matope adali Kadzuwa. Mayi awo adathamanga, nawanunkhiza mmodzimmodzi, onse atatu, misozi ili m'maso.

"Ulendo wonsewu, mwana wanga, sunatope?"

"Ine ayi," adayankha Kadzuwa. "Komatu amayi, ababawa kuchedwa kwake! Ndachita kuwadikira pena paliponse."

Njiri adagona m'matope, mawondo akuwawa, akuseka yekha.

Tsono inu oyenda ndi ana, musamawanamize kuti mpafupi. Auzeni zoona, muwadulire ulendo m'zidutswa zoti aziona ndi maso, ndipo muwalole atsogole. Mwana wosangalala satsalira m'njira.

Yanga yathera pompa. Amene wasiya mbatata paphulusa akaphule isanapserere.