Ndevu za Kochi Enoki

Lolemba lililonse m'mawa, chingwe cha kuseri kwa nyumba ya Benedicto Mvula pa boma la Mchinji chinkalemedwa ndi majezi obiriwira. Timu ya Malire United idali italowa mu ligi yaikulu chaka chimenecho, zaka zingapo matipate atabwera, koma majezi ankachapabe Luwiza, mkazi wa manijala, monga ankachitira timuyo ikadali ya matenanti a pa esiteti ya fodya kwa Mavwere. Pakhonde pankakhala amuna awiri ndi makapu awo a tiyi: Benedicto, manijala woyendetsa zonse za timu, ndi Enoki Nkhoma, kochi.

Ubwenzi wawo udali wa ponda apa nane m'pondepo. Timuyo adaiyamba awiriwo pa bwalo la fumbi kuseri kwa zigafa, Benedicto ali kalaliki wa pasikelo, Enoki ali kapitawo. Mwini esiteti, a Timoteyo Zulu, fodya atawayanja, adaitenga timuyo n'kuwalemba awiriwo ntchito yeniyeni, ya malipiro a pamwezi ndi nyumba pa boma. Benedicto adapatsidwanso njinga yamoto, ndipo anthu omwe kale ankamukalipira pasikelo adayamba kumuvulira zipewa. Ntchito imeneyi ankaikonda, ndipo ankaiopera kuposa mmene ankaikondera, poti a Zulu adali a mtima wapachala. Munthu ankamuchotsa ntchito ngati akuthyola fodya wam'munsi.

Nkhani idayamba ndi mnyamata wina dzina lake Maliko, amene Enoki adamuona akusewera kwa Mlonyeni. Mnyamatayo ankakhala kutsidya kwa malire, ndipo mwendo wake wamanzere udali woopsa.

"Achimwene, mnyamatayu ndi mfuti," adatero Enoki pakhonde paja, "koma wasewerapo timu yolembetsedwa ku Chipata. Lamulo likuti pafunika kalata yomumasula kuchokera ku Zambia. Tidikire kaye."

"Tidikire miyezi ingati? Itatu?" adafunsa Benedicto. "Maliko ndi mwana wathu. Mayi ake kwawo n'kwa Mlonyeni, iye adabatizidwa konkuno, chimanga amagayitsa konkuno. Malire amenewa amawaona ndi anthu a ku Lilongwe ndi ku Lusaka. Ife tikamva maliro kutsidyako, timayamba tafuna pasipoti?"

"Kumaliro kulibe mapointi, achimwene."

"Za mapepala ndisiyireni ine. Inu gwirani wezulo."

Munthu wa kumalire, amene munda wa agogo ake uli theka kuno theka uko, n'kovuta kumuuza kuti mzere wosaoneka ungamupweteke. Benedicto adatenga khadi la ubatizo la Maliko, nalemba pa fomu kuti mnyamatayo sadasewerepo timu ina iliyonse, nasaina dzina lake lonse, mokongoletsa.

Masewero asanu otsatira adali ngati ukwati. Maliko adamwetsa zigoli zisanu ndi ziwiri, timu idapambana kanayi n'kulepherana kamodzi, ndipo anthu ankabwera pa njinga kuchokera kwa Kapondo kudzangoona mwendo wamanzere uja. Koma opita ku msika wa ku Chipata si a ku Mchinji okha. Sapota wina wa timu yomwe idagonja, wogulitsa zitenje, adamuzindikira Maliko, ndipo sabata yotsatira adabwera ndi chithunzi cha timu ya ku Zambia, mnyamatayo atanjuta kutsogolo, akumwetulira. Dandaulo lidapita kwa oyendetsa ligi. Mapointi onse khumi ndi atatu adalandidwa, ndipo Malire United idatsika kuchoka pa nambala yachinayi mpaka pansi penipeni.

Masapota adayenda mumsewu wa pa boma akukuwa kuti "Achoke! Achoke!" asadadziwe n'komwe woti achokeyo. A Zulu adaitanitsa awiriwo ku ofesi ya pa esiteti, ndipo sadawauze kuti akhale pansi.

"Mwandichititsa manyazi pa wailesi," adatero a Zulu. "Sindikufuna nthano. Ndikufuna dzina limodzi. Mnyamata uyu anabwera naye ndani?"

"Ndine, bwana," adayankha Enoki. "Amene ndinamuona ndine. Koma za mapepala..."

Adalekera pomwepo, natembenukira kwa mnzake kuti amalize. Sipankafunika zambiri. Benedicto akadangoti, "Anandichenjeza, ine ndinauma mutu," a Zulu akadabangula, akadamenya tebulo, mwina akadamulanda njinga, koma kuchotsa manijala ndi kochi pakamodzi ligi ili pakati sakadayerekeza. Nazonso zaka zonse zija zikadawalankhulira awiriwo. Koma Benedicto adaona sikelo ija m'maganizo mwake, ndi fumbi la fodya, ndi zipewa zosavulidwa, mantha n'kumulowa mpaka m'mafupa.

"Bwana, ine ndimalemba amene kochi wandipatsa," adatero, maso ali pa nsapato zake. "Zoti anasewerapo ku Zambia sindinadziwe."

"A Mvula," adatero Enoki ndi mawu otsika, "mukunena zoona?"

"Ndanena."

Enoki sadatsutse. Adavala kapusi yake n'kutuluka, ndipo pofika madzulo ntchito adalibe. Oyendetsa ligi adapempha lipoti lolembedwa, ndipo poti bodza silikhala lokha, Benedicto adatayipa mawu omwe aja, nawonjezera kuti kochi adamutsimikizira kuti zonse zili bwino.

Kunyumba adapeza Luwiza atamva kale.

"Bambo a Sheila, tsiku lija ine ndinali pa chingwe, ndikuyanika majezi," adatero mkaziyo. "Ndinamva ndi makutu angawa a Nkhoma akukuchenjezani."

"Ndiye ukufuna chiyani? Tibwerere ku esiteti? Sheila asiye sukulu?"

"Nanga ana a a Nkhoma sukulu saifuna?"

"Makochi amachotsedwa tsiku ndi tsiku, Luwiza. Ndi mmene mpira ulili. Apeza timu ina mwezi usanathe."

Kuyambira tsiku limenelo, tiyi wa pakhonde Luwiza ankabwera naye kapu imodzi, n'kuiika molimba pang'ono. Tsiku limene banja la Enoki linkakweza katundu pa lole kubwerera kumudzi kwa Kapondo, Benedicto adapeza chifukwa chopitira ku Lilongwe. Patapita masabata atatu padabwera envulopu ya khaki yochokera ku ligi. Ataona chidindo chake, Benedicto adaiponya m'dirowa osaitsegula. Nkhani imeneyo sankafuna kuimvanso.

Kochi watsopano adachokera ku Lilongwe, wa zovala zonyezimira ndi Chingerezi chambiri. Koma anyamata a timuyo adali ana a matenanti. Enoki ndi amene adawatola akuponda mpira wachikulunga opanda nsapato, ndi amene ankawanyamula pa njinga kupita nawo kuchipatala akathyoka. Ndipo Maliko, asadabwerere kwawo, adali atawauza amene adamupempha khadi la ubatizo. Anyamatawo sadanyanyale, ayi. Ankalowa m'bwalo n'kumathamanga ngati anthu olima m'munda wa munthu amene samukonda. Pa masewero asanu ndi awiri adagonja kasanu ndi kamodzi, ndipo kochi wonyezimira uja adakwera basi ya m'mawa osatsanzika.

Kudatsala masewero anayi, ndipo kuti timu isatuluke mu ligi inkayenera kupambana atatu. Masapota adayambanso nyimbo yawo, koma tsopano idali ndi dzina: "Manijala achoke!" Anyamata adatuma kaputeni wawo kwa a Zulu kukanena kuti a Nkhoma akabwera, iwo afera m'bwalo. Madzi adafika m'khosi, ndipo a Zulu adaitana Benedicto.

"Pitani kwa Kapondo mukamutenge," adatero. "Mukamuuze kuti nyumba yake ilipo. Mukabwera nokha, makiyi a njinga ndi a nyumba mudzasiye pa tebulo pano."

Udali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Benedicto adampeza Enoki pansi pa mtengo wa mango akuswa mtedza wa mbewu, atawonda, manja atachita zikang'a. Ankayembekeza kutukwanidwa, ndipo njira yonse adabwera akukonza mayankho. Koma Enoki adaimirira, namupatsa mpando wake, iye n'kukhala pa thumba. Mkazi wake Esitele adabwera ndi madzi akumwa, napereka moni atagwada monga mwa ulemu wake, koma maso sadakweze.

Benedicto adazungulira kaye za mvula ndi za feteleza, kenaka adalowa m'nkhani. Adafotokoza za anyamata, za masewero anayi, za makiyi.

"Achimwene, ndinakulakwirani," adamaliza motero. "Ndagwira mwendo wanu. Mukapanda kubwera, ine kwanga kwatha."

Enoki adaswa mtedza wina uwiri asadayankhe.

"Kubwera ndikanabwera," adatero. "Anyamata aja ndi ana anga, wailesi ndimatsegula Loweruka lililonse, mtima n'kumawawa. Ndipo inunso, ngakhale munandichita zija, sindikanafuna kuti Sheila asiye sukulu monga wasiyira Chikondi wanga. Dikirani pang'ono."

Adalowa m'nyumba n'kutuluka ndi envulopu ya khaki. Benedicto adaizindikira asadaigwire. Kalatayo inkati, malinga ndi lipoti la manijala wa Malire United, Enoki Nkhoma waletsedwa kuphunzitsa timu iliyonse yolembetsedwa m'dziko muno kwa zaka ziwiri.

"Timu ina ya ku Kasungu inandiitana mwezi wathawu," adapitiriza Enoki. "Ndinakafika. Atamva za kalatayi anandipepesa n'kundiperekeza ku depoti."

"Sindinadziwe," adatero Benedicto.

"Pansipo alemba kuti ina anatumiza kwa inu."

Benedicto adayang'ana dzina lake lomwe pa kalatayo, nayang'ana manja a mnzake, ndipo manyazi amene adawathawa miyezi itatu adamupeza onse pakamodzi.

"Ndikalemba ina. Ndikanena zoona zonse. Ndikapita ndekha ku Lilongwe mawa."

"Lembani, achimwene, mwina ingandithandize chaka chamawa. Koma komiti ya milandu imakhala mu Januwale, ligi ikutha Novembala. Zimenezi mukuzidziwa kuposa ine, za mapepala ndi zanu." Enoki sadanene monyoza, adangonena. "Tsiku lija mu ofesi sipankafunika kalata. Ndinakusiyirani mpata, ndinadikira. Mukanangotsegula pakamwa, bwenzi lero tili tonse pa benchi."

Atatero adayamba kumuuza za timu: kuti wosewera wina, Lonjezo, amubweze pakati, kuti goloboyi amaopa mipira yam'mwamba, kuti anyamata asadye kwambiri asadalowe m'bwalo. Kenaka adamuperekeza mpaka kumsewu, monga achitira ndi mlendo wolemekezeka, Esitele atamangirira kathumba ka mtedza kumbuyo kwa njinga. Akadamutukwana zikadapepukako. Benedicto adayenda pang'ono, naimitsa njinga pomwe mudzi sunkaonekanso, nalira ngati mwana.

Makiyi adawasiya pa tebulo tsiku lomwelo. Malire United idagonja masewero atatu mwa anayi aja n'kutuluka mu ligi, ndipo a Zulu, amene sankakonda kuonedwa ndi zinthu zogonja, adaitaya timuyo chaka chisadathe. Kalata yonena zoona Benedicto adailembadi, ali m'kanyumba ka lendi kuseri kwa msika. Komiti idakhala mu Januwale, idachotsa chiletso pa Enoki n'kuchiika pa Benedicto, amene panthawiyo adalibe timu yoti aletsedwe kuiyendetsa. Enoki adapita ku Kasungu. Benedicto adakapeza ntchito pa esiteti ina kwa Mavwere, pasikelo.

Ntchito ya mpira ndi udzu wouma, ndipo onse okhala pa benchi amadziwa kuti moto sumachedwa. Benedicto adauona moto utagwira mnzake, madzi ali m'manja mwake, nawasunga kuti adzazimire wake. Tsiku lake litafika, munthu mmodzi yekha amene akadamupulumutsa, amene adali wofunitsitsanso kutero, adali atamumanga manja iye mwini. Akuluakulu sadaname pamene adati: mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.